Kuphunzitsa kwaya nyimbo ya namzeze ya ku Ukraine: mmene tinachitira ku Chibavi

Nyimbo imeneyi ambiri timaidziwa ndi khutu, dzina lake ayi. Disembala akangolowa imamveka m'mafilimu, m'masitolo akuluakulu ndi m'mafoni a ana, ndipo timangoti ndi ija ya mabelu, ya Khirisimasi ya azungu (pa Chingerezi ndi Carol of the Bells, kwawo ku Ukraine ndi Shchedryk). Inenso ndinkatero mpaka tsiku lina mtsikana wa m'kwaya yathu, amene amaphunzira ku yunivesite ku Luwinga, anandiikira pa foni yake ana a ku Kyiv, likulu la Ukraine, akuiimba m'chilankhulo chawo. Anati, "Aphunzitsi, tamvani iyi, akuti eni ake ndi awa." Belu munalibemo. Inali nyimbo ya mbalame, yopepuka, yothamanga, yosakwana ndi mphindi ziwiri zomwe. Ndinaimvetsera kasanu nditaima pakhonde la tchalitchi.

Masana ndimagwira choko ku pulayimale, madzulo atatu pa sabata ndimaphunzitsa kwaya. Nyimboyi taiimba nyengo ziwiri tsopano, ndipo aphunzitsi anzanga a makwaya a ku Chiputula ndi ku Zolozolo kuno ku Mzuzu akhala akundifunsa kuti tinaiyamba bwanji. Ndalemba zonse pano, pamodzi ndi pamene tinapunthwa.

Yambani ndi nkhani, manotsi abwere pambuyo

Tsiku loyamba musalembe kanthu pa bolodi. Akhazikeni pansi oimba anu, muwauze chimene akukaimba.

Dzina lake ndi Shchedryk, lochokera ku liwu la Chiyukireni lotanthauza kuwolowa manja. Ili m'gulu la nyimbo zotchedwa shchedrivky, zimene achinyamata amaimba poyenda khomo ndi khomo madzulo a kutha kwa chaka, kufunira eni nyumba mafuno abwino, iwo nkulandirako chakudya kapena kandalama. Pa kalendala yakale madzulo amenewo ankagwa pa 13 Januwale. Za Khirisimasi zili ndi dzina lina, koliadky. Oimba anga a ku Nkhata Bay anangomva izi nkunena kuti, "Ndiye chilimika chimenecho!" Sanalakwe kwenikweni: chaka chatsopano, achinyamata, ulendo wa mudzi ndi mudzi.

Mawu ake akuti namzeze wafika pakhomo, akulira, akuitana mwini nyumba kuti atuluke akaone m'khola. Nkhosa zaswa, ana a nkhosa abadwa, chuma chikubwera, ndipo m'nyumbamo muli mkazi wokongola wa nsidze zakuda. Basi. Mlimi wa ku Ekwendeni safuna womasulira kuti amve chimene chikukondweretsa pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachedwerapo dala. Mu Januwale ku Ukraine kumakhala chipale chofewa, namzeze sungamuone. Odziwa za miyambo amati nyimboyi inachokera m'nthawi imene chaka chinkayamba pamene dzinja lawo lozizira likutha, mbalame zikubwerera. Nanga mu Januwale anamzezewo amakhala ali kuti? Anamzeze a ku Ulaya amathawa kuzizira nkubwera ku Afrika, ambiri mpaka kuno kum'mwera, ndipo amafika chakumayambiriro kwa mvula. Ndiye kuti pamene ana a ku Ukraine akuimba za namzeze, mbalameyo ikhoza kukhala ili pa waya wa magetsi ku Katoto, ikudikira inswa. Nditanena zimenezi m'kwaya munachita zii, kenako mayi wina wa alito anati, "Ndiye kuti ndi mbalame yathu yomwe." Kuyambira pamenepo sanaionenso ngati nyimbo yachilendo.

Muwauzenso za munthu amene anaikonza. Mykola Leontovych anabadwa mu 1877 m'chigawo cha Podilia, mwana wa wansembe, ndipo anaphunzira ku seminale ya ku Kamianets-Podilskyi. Anali mphunzitsi wa sukulu ndi wa makwaya ngati ifeyo. Kwa zaka zingapo anaphunzitsa m'tauni ya njanji imene lero imatchedwa Pokrovsk, kumene anayambitsa kwaya ya anthu ogwira ntchito. Kanyimbo ka m'mudzi ka manotsi anayi anakatenga nkukabwereza kukakonza kangapo asanakhutire. Kwaya ya ophunzira a yunivesite ya Kyiv inaimba nyimboyi mu 1916, motsogozedwa ndi Oleksandr Koshyts. Mu 1919 boma la Ukraine, limene linali litangodziimira palokha ndipo linali pa nkhondo, linatuma kwaya ya Koshyts kuti izungulire maiko, anthu amve kuti kuli mtundu wotchedwa Ukraine wokhala ndi chilankhulo chake. Anayambira ku Prague, ndipo pa 5 Okutobala 1922 anaimba ku Carnegie Hall ku New York. Pofika tsikulo boma limene linawatuma linali litagwa kale, ndipo Leontovych anali atafa: anawomberedwa mu Januwale 1921, m'nyumba ya bambo ake, ndi kazitape wa boma la Soviet amene anapempha malo ogona. Mawu a Chingerezi a mabelu aja anabwera mu 1936, olembedwa ndi Peter Wilhousky ku America.

Chifukwa chake ife timaiimba m'Chiyukireni

Padzapezeka wofunsa kuti bwanji osangoimba ya Chingereziyo, poti njosavuta. Ine ndili ndi zifukwa ziwiri. Choyamba n'chaching'ono: nyimbo ya Leontovych ndi yakale mokwanira kuti aliyense aikope ndi kuiimba mwaufulu, pamene mawu a Chingereziwo ali ndi eni ake. Chachiwiri ndicho chenicheni. Mu 1876 mfumu ya Russia, imene inkalamulira gawo lalikulu la Ukraine, inasaina lamulo loletsa kusindikiza mabuku m'Chiyukireni, kuchita masewero m'chilankhulocho, ngakhalenso kusindikiza mawu a Chiyukireni pansi pa manotsi a nyimbo. Nyimbo ukanatha kuisindikiza, koma mawu ake ayi.

Nditafotokoza izi, bambo wina wachikulire wa besi, Mtumbuka wa ku Rumphi, anakweza mkono nati, "Aphunzitsi, ife zimenezo tikuzidziwa." Ankanena za 1968, pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, kudzabwerera mu 1994. Ine ndine Mchewa wokhala mu Mzuzu, ndipo ndinalibe choyankha koma kuvomera ndi mutu. Nkhani ya Chingerezi inathera pomwepo. Ambiri a ife dzina la Ukraine tinayamba kulimva kawirikawiri mu 2022, nkhondo itabuka ndipo mtengo wa feteleza uli kumwamba. Ndinkafuna kuti kwaya yanga iwadziwenso anthuwa ndi mawu awo.

Patulani tsiku limodzi lomvetsera chabe

Gulani bandulo, kokani nyimbo zingapo pa YouTube masana magetsi alipo, tchajani kasipika, mubwere nako. Musamvetsere Shchedryk yokha. Oimba ayenera kumva nthaka imene inameramo, ndipo nthakayo ili pawiri.

Mbali ina ndi ya m'tchalitchi. Chikhristu cha Orthodox chinakhazikika ku Kyiv mu 988, ndipo m'mapemphero awo mulibe limba, gitala kapena ng'oma. Mawu a anthu okha. Ndiye kwa zaka mazana luso lonse linapita pa kwaya. Sakani dzina la wopeka nyimbo Dmytro Bortniansky, amene anabadwira ku Hlukhiv mu 1751, kapena Artem Vedel, mumve mmene mabesi amatsikira pansi ngati chitsime ndiponso mmene kwaya yonse imachepetsera mawu pamodzi osataya kiyi.

Mbali ina ndi ya kumudzi. Kuli kaimbidwe ka amayi kotchedwa bilyi holos, kotsegula kukhosi, kofika kutali, wina kuyambitsa ena nkulandira. Amayi a m'kwaya yanga anaseka ndi chimwemwe atakamva, chifukwa ndi mawu a pamtondo ndi a kumunda. Kulinso anthu otchedwa kobzar, oimba oyendayenda, ambiri a iwo osaona, otsogozedwa ndi kamnyamata, amene ankaimba m'misika ndi pa makomo a matchalitchi ndi zoimbira za zingwe, kobza ndi bandura. Nyimbo zawo zazitali, dumy, zinkasimba za ankhondo a Cossack ndi za anthu ogwidwa ukapolo. Mmodzi wotchuka anali Ostap Veresai, amene wopeka nyimbo Mykola Lysenko analemba nyimbo zake m'manotsi m'zaka za m'ma 1870. Mu ulamuliro wa Stalin, mtsogoleri wa boma la Soviet, m'zaka za m'ma 1930, oimba amenewa anazunzidwa ndipo mwambo wawo unatsala pang'ono kuzimiririka. Amene munakula mukumva Allan Namoko pa wailesi, kapena munaonapo nkhalamba ikuliza bangwe pamsika, mukudziwa kale ulemu umene woimba wotere amayenera. Bandura ya masiku ano ili ndi zingwe zoposa 50 ndipo imalira ngati madzi. Mukakhala ndi nthawi aikireninso trembita, lipenga lamtengo la anthu a Hutsul a m'mapiri a Carpathian, lotalika mamita atatu kapena kuposa. Anyamata amalikonda.

Shchedryk ili pakati pa ziwirizi: mbewu yake ndi ya kumudzi, kalimidwe kake ndi ka m'tchalitchi.

Manotsi anayi

Tsopano lembani pa bolodi: do, ti, do, la. Ti ndi la zikhale za pansi pa do. Nyimbo yonse yakhazikika pamenepa, ndipo manotsi anayiwa amabwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuchoka kwa asopulano kupita kwa ena. Ubwino wathu kuno kumpoto ndi wakuti solofa timaidziwa kuyambira nthawi ya amishoni a ku Livingstonia, ndiye musavutike ndi manotsi a pa mizere. Pezani pepala la nyimboyi pa intaneti, mukhale pansi usiku umodzi, muisandutse solofa nokha. Inalembedwa mu G minor, ndiye do wanu ndi B flat.

Vuto loyamba ndi la kwawo kwa nyimbo. Nyimbo zathu zambiri za m'tchalitchi zimakagona pa do. Iyi kwawo ndi pa la. Makutu a kwaya amakoka kuti abwerere pa do, ndipo mukapanda kusamala mudzamva atena akuponya mawu awoawo ongomva m'mutu, monga timachitira pa makolasi. Pano ayi. Auzeni mabesi agwire la motalika, ena onse aimbe do, ti, do, la pamwamba pake, mobwerezabwereza, mpaka la amveke ngati pakhomo. Ife tinathera madzulo athunthu pa ichi chokha, ndipo sindinong'oneza bondo.

Kenako kayendedwe. Werengani mpaka 6 mofulumira. Do woyamba agwe pa 1 nkugwira mpaka 2, ti pa 3, do pa 4, la pa 5 nkugwira mpaka 6. Mukatero gawani kwaya pawiri. Gulu lina liwombe m'manja pa 1, 3 ndi 5. Linalo liwombe pa 1 ndi 4. Onse pamodzi, akuimba. Zitatu zikulimbana ndi ziwiri, ndipo kanyimboko kamakwanira mbali zonse. Apa ndi pamene ndinanyadira kwaya yanga. Zimene ena amaziphunzira movutikira, mwana woleredwa pafupi ndi ng'oma za vimbuza ali nazo kale m'mapewa. Anazigwira ulendo wachiwiri. Chenjezo langa ndi lakuti akazigwira amafuna kuvina, mapazi nkuyamba kuponda mwamphamvu. Asiyeni avine pophunzira, koma poimba zenizeni kuvinako kukhale m'kati, miyendo ili chete.

Lilime

Apa ndiye pali ntchito, ndipo musathamange. Chichewa ndi Chitumbuka zimakonda kuti liwu lililonse lithere pa a, e, i, o kapena u. Ndiye munthu akaona shchedryk pakamwa pake pamatuluka "shichediriki". Maphatikizo awiri asanduka asanu, pamene manotsi alipo owerengeka. Nyimbo imalemera nthawi yomweyo, namzeze nkusanduka nkhuku.

Chimene chinatithandiza ndi ichi. Yambani ndi "shhh" uja timachita pokhazika ana chete. Osadula mpweya, lumikizani ndi "che" wa mu "cheza". Shhh-che. Fupikitsani pang'onopang'ono mpaka zikhale kamodzi. Phatikizo lachiwiri likhale "drik", lilime ligunde kamodzi kuseri kwa mano, k wa kumapeto atsekeredwe osatulutsa "i". Auzeni agwire dzanja patsogolo pa kamwa: akamva kampweya kotsalira pambuyo pa k, ndiye kuti "i" wazemba watuluka. Chilembo y m'mawu amenewa ndi i waufupi, wopendekera kwa e.

Samalaninso l ndi r. Kwa ife kusinthanitsa ziwirizi si mlandu, koma kwa iwo ndi zilembo zosiyana. Namzeze m'nyimbomu ndi lastivochka, ndi l. Mwini nyumba ndi hospodar, ndi r, ndipo h wakeyo ndi wa mawu, wochokera pakhosi. Pa v ndiye Atumbuka anatiposa tonse, chifukwa v wa Chiyukireni ndi wofewa, ali pafupi ndi ŵ wa mu "ŵanthu". Ndinawaimika kutsogolo kuti ena atengere.

Lankhulani mawu onse popanda nyimbo, mzere umodzi pa tsiku, motsatira kuwomba m'manja kuja. Mvetserani eni chilankhulo, imitsani foni, bwerezani. Musalembe matchulidwe a Chichewa pansi pa mawuwo, chifukwa dzanja lanu lomwe lidzalowetsa ma "i" aja. Ndinachita zimenezo chaka choyamba ndipo zinatitengera masabata awiri kuti tizichotse.

Kumanga nyimbo

Asopulano amayamba okha, motsitsa kwambiri. Pakapita mabala anayi (bala limodzi ndi kuwerenga kuja kwa 1 mpaka 6) alito amalowa ndi manotsi aatali otsika: la, so, fa, mi. Kenako atena, kenako mabesi. Gulu lililonse likalowa, mawu amakula okha chifukwa anthu achuluka, choncho pasapezeke wowonjezera mphamvu. Ichi ndi chimene ndinalakwitsa poyamba. Ndinalola asopulano kuyamba ndi mawu a pa chitsitsimutso, ndipo pofika pachimake panalibenso kokwera, kunangotsala kukuwa. Tsopano ndimawauza kuti ayambe ngati mbalame ili kutsidya kwa dambo, yoti uchite kutchera khutu.

Phunzitsani gulu lililonse palokha, kenako muziphatikiza awiriawiri: sopulano ndi alito, tena ndi besi, sopulano ndi besi. Onse anayi akumane pa sabata lachinayi, osati msanga.

Pachimake asopulano amakwera mpaka G wapamwamba. Ngati akukanika, tsitsani nyimbo yonse ndi toni imodzi, koma muyambe mwaona ngati mabesi anu angafike pansipo. Pambuyo pake pali kamzere kothamanga kokwera masitepe: mi, fe, se, la, ti, do, re, mi. Fe ndi se (fa ndi so okwezedwa pang'ono) motsatizana ndi zachilendo m'makutu athu, ndipo oimba amazitsetsereka. Kaimbeni pang'onopang'ono ngati nyimbo ya maliro, kakhumi, musanakathamangitse. Tsiku lililonse la pulakatisi muziyamba ndi kamzere kameneka pokonza mawu.

Popumira palibe. Manotsi anayi aja saima, ndiye onse akapuma pamodzi pamaoneka dzenje. Konzani kuti azipuma mosinthana: oyandikana awiri agwirizane kuti wina akamapuma mnzake apitirize, ndipo wopumayo asiye bala lonse mwakachetechete nkulowanso mofewa. Ndimawaika awiriawiri ngati anthu osenza mtanda wa denga, wina akasintha phewa mnzake agwiritse.

Kiyibodi izimitseni. Ndikudziwa kuti anyamata oliza adzadandaula, koma nyimboyi inalembedwera mawu okha. Igwiritseni ntchito kawiri basi: kupereka kiyi poyamba, ndi kuyesa pomaliza ngati mwatsika. Mudzapeza kuti mwatsika, ndipo wolakwa kawirikawiri ndi ti. Mtunda wa pakati pa do ndi ti ndi waung'ono, koma oimba akatopa amautalikitsa, ndipo pobwereza makumi angapo nyimbo yonse imamira. Auzeni kuti ti akhale momata do, ngati mwana kumsana. Madzulo ozizira a kuno ku Mzuzu vutoli limakula, ndiye musayambe nyimboyi mawu asanatenthe.

Za liwiro, musatengere makwaya a pa intaneti amene amathamanga ngati akuthawa mvula. Liwiro loyenera ndi limene munthu wanu wochedwa lilime angatchule mawu onse momveka. Likhoza kukwera lokha pakapita masabata.

Nthawi ndi malo oimbira

Yambani kumayambiriro kwa Novembala. Mphindi 20 pa pulakatisi iliyonse kwa masabata asanu ndi atatu zinatikwanira, osasiya nyimbo zina za Khirisimasi. Nyimboyi ilibe mawu a m'Baibulo, choncho kambiranani ndi abusa ndi akulu a mpingo nthawi ikadalipo, muwapatse tanthauzo lake lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Kwathu anagwirizana kuti isalowe m'kati mwa mapemphero, ndipo ndinaona kuti aweruza bwino, pakuti kwawo komwe ndi nyimbo ya pakhomo.

Ndiye timaiimba pa 31 Disembala madzulo, tisanalowe m'tchalitchi kudikira chaka. Timasankha makomo anayi kapena asanu a okalamba ndi odwala a mumpingo, nkuwadziwitsa dzulo lake kuti kubwera alendo. Tengani maambulera ndi nsapato zoti zilowe m'matope, chifukwa njira za ku Chibavi nyengo imeneyi mukuzidziwa. Musapite kwaya yonse. Anthu 16, anayi pa gulu lililonse, akwanira pabwalo laling'ono ndipo amamvana bwino. Imani mozungulira ngati mwezi wongokhala, mabesi pakati kumbuyo, msana ku mphepo.

Mukaodira ndipo eni nyumba atuluka, mmodzi wa inu anene mwachidule kuti nyimboyi ndi ya ku Ukraine, anaikonza ndi mphunzitsi dzina lake Mykola Leontovych, ndipo ikunena za namzeze wobweretsa uthenga wa chaka cha zokolola. Pakhomo loyamba chaka chatha, agogo a pamenepo anatipempha kuti tibwereze, nkutuma mdzukulu kukatenga mango m'lichero. Akakupatsani kanthu landirani ndi manja awiri, ndi mbali ya mwambowo.

Pomaliza nyimbo imabwerera kumene inachokera. Magulu amachepetsa mawu, manotsi anayi aja amamveka komaliza motsitsa, nkukagona pa la. Oimba amakonda kumasuka msanga apa, ena kuyamba kale kumwetulira ndi kusuntha mapazi. Auzeni asadule okha. Maso onse akhale pa dzanja lanu, ndipo inu mukatseka zala musalitsitse nthawi yomweyo. Werengani mpaka 3 mumtima dzanja lili m'mwamba, kenako mutsitse.